Laimu Pakhoma la Apongozi

Ntchito zanga za Lachiwiri lija zinali izi: kutunga zidebe zinayi pampopi, kuchapa matewera, kusesa pabwalo, kuphika phala la mwana, kusita shati ya bambo ake, kupita kumsika dzuwa lisanakwere, ndi kusoka thumba la diresi lomwe linali litanditayitsa makiyi kawiri. Kusaka kapu sikunali pamndandanda. Koma ndinaisaka, kapu yanga yamaluwa ija, kuyambira m'kabati mpaka kunsi kwa bedi. Ndinakaipeza m'chipinda chakuseri, pawindo, itadzaza penti wobiriwira, kamtengo kovundulira kali njo pakati.

"Bambo! Kapu yangatu iyi!"

Apongozi anga anali pamakwerero, bulashi ili kukamwa ngati ndudu. Anaichotsa mosapupuluma.

"Mwadzuka bwanji, a Kapitawo?"

Ndi mmene amanditchulira. Ati pantchito zonse zomwe anagwirapo sanakumanepo ndi kapitawo wolusa ngati mpongozi wawo.

"Sindinadzuke. Dzana supuni, dzulo mwapukutira manja thewera la mwana, lero kapu. Mawa ndiye mundiviika ineyo m'chitini?"

"Inu ayi. Inu simungasakanizike ndi mtundu uliwonse, mungangowononga penti." Anaseka okha, n'kuloza m'kapumo. "Koma taonani kubiriwirako, mayi. Ndakusaka masabata awiri. Ndi kwa chitseko cha telala wina wachibwibwi, ndinamupentera mwamuna wanuyu asanabadwe. Kumasowa kadontho kamodzi ka chikasu. M'chitini simuoneka bwino, pamafunika chinthu choyera m'kati."

Apongozi anga anadutsa zaka makumi asanu ndi awiri. Moyo wawo wonse anapenta nyumba za anthu. Amadya bwino, amakwera makwerero osagwira, nyuzipepala amawerenga opanda magalasi. Chimwalirireni apongozi aakazi, anasonkhanitsa zitini zotsalira n'kuyamba kupenta khoma la chipinda chawo. Osati kupenta kwa ntchito ayi. Ankajambula msewu wautali, ndipo mumsewumo ankaikamo nyumba iliyonse yomwe anaipentapo, iliyonse ndi mtundu wakewake. Msewu wotere kulibe kulikonse. Chipatala chinagundana ndi bala, tchalitchi chinakhala pamwamba pa chigayo, nsomba zinkalowera pawindo la banki n'kutulukira pakhomo, ndipo basi ina inaima padenga ngati ikudikira anthu otsika kumitambo.

Ine ndinalibe nthawi ya nsomba. Ndinatuluka, ndipo ndili pabwalo ndinalankhula mokweza, kuti ngakhale chingwe choyanikira zovala chimve.

"Akuluwa mutu wayamba kusokonekera. Azelezeka basi!"

"Mwati bwanji, mlamu?"

Anali alamu anga, akulu ake a mwamuna wanga, ataima pageti foni ili m'manja. Sindinawamve pofika.

"Palibe, alamu. Ndimangolankhula ndi kapu."

"Ayi, mwanena zenizeni. Inu ndi amene mumakhala nawo tsiku lonse. Ife tikanena amati tili ndi mtima woipa. Mawu amenewo muwasunge, adzafunika."

Lamlungu masana alamu anabweranso n'kutiitanira tonse pabalaza. Iwo amagulitsa matayala ndi zipangizo za njinga zamoto, ndipo katundu wawo alibe pomuika. Anali atapemphapo kale chipinda chakuseri, apongozi anakana. Anali atabweretsapo mapepala oti nyumbayi ilembedwe m'dzina lawo monga mwana woyamba, apongozi anawabwezera cholembera chawo. Tsopano anabwera ndi njira yachitatu.

"Bambo, tikufuna tipite nanu kuchipatala akakuoneni."

"Ndikudwala chiyani?"

"Akanena ndi adokotala."

"Nanga iwe wadziwa bwanji kuti ndipite?"

"Mumalankhula ndi khoma, Bambo."

"Iwe umalankhula ndi kagalasi kako ka m'manjako tsiku lonse, mpaka kumakaseka. Tipite tonse?"

Mwamuna wanga anayamba kuseka, akulu ake anamuyang'ana, kusekako kunathera pakhosi.

"Nanga nsomba pawindo la banki munaziona kuti?" alamu anapitiriza. "Basi padenga? Mukupeka zinthu, Bambo. Munthu akayamba kupeka ndiye kuti zenizeni zamuthawa."

"Inde ndikupeka, sindinakane. Woimba akapeka nyimbo mumamutengera kuchipatala? Kupeka kwa bodza ndi kwina, ndi kumene ukuchita iweyo panopa. Banki ija ndinaipenta chaka chimene madzi anasefukira m'misewu, tinkagwira ntchito titapinda mathalauza. Ndikaikapo nsomba ndimakumbukira chakacho, anthu amene ndinali nawo, ngakhale amene anandibera bulashi. Ndikachotsapo nsomba patsala banki chabe."

"Mwawamva? Ndiye si ine ndekha amene ndaona. Mlamu, tanenani zimene munanena Lachiwiri."

Onse anandiyang'ana. Mwana anali kubere, ine ndinayang'ana mutu wake.

"Ndinali nditakwiya, alamu."

"Koma munanena?"

"Ndinanena."

Ndiye alamu anayala zonse poyera, ndi mawu ofewa ngati akupempherera wodwala. Dokotala akalemba kalata yoti mutu wa bambo sukugwira, alamuwo ndiwo azisaina mapepala onse m'malo mwa bambo. Bambo apite akakhale kwa mwana wawo wamkazi, kutali, komwe akasamalidwe bwino. Mwana wamkaziyo amakhala m'nyumba ya lendi, momwe eni ake salola kukhoma ngakhale msomali. Tsiku lopita kuchipatala analisankha kale: Lachisanu la sabata yachiwiri.

Atachoka ndinamupeza mwamuna wanga kuseri akupukuta nsapato zomwe zinali zopukuta kale.

"Bambo a mwana, bwanji simunanene kanthu?"

"Ndikananena chiyani? Achimwene ndi achimwene. Komanso wayambitsa ndiwe."

Zinali zoona.

Masiku anapita. Apongozi sanandikalipire, sanasiyenso kupenta. Lachitatu la sabata yachiwiri kunagwa mvula kuyambira m'mawa. Zochapa zinali m'beseni, zosatheka kuyanika, mwana anagona, ndipo kwa nthawi yoyamba manja anga analibe chogwira. Ndinawapititsira tiyi kuchipinda kwawo. Ndinati ndingoika n'kutuluka, koma ndinakhala pachitini chachikulu cha pakhomo.

Kuwala kwa tsiku la mvula kunkalowa pawindo mofooka, ndipo msewu wa pakhoma unkaoneka ngati ukupuma. Ndinali ndisanauyang'anepo mpaka kumapeto. Pakona, pafupi ndi windo, panali mayi akuyanika zovala. Nyumba zonse zinali za penti wamafuta, koma mayiyu anali wa makala ndi choko basi. Ndinawadziwa nthawi yomweyo. Anali apongozi aakazi, atapendeketsa mutu mmene ankachitira akafuna kukufunsa funso lomwe yankho lake akulidziwa kale.

"Bwanji amayi simunawapente, Bambo?"

"Ndikuopa. Chithunzi chawo chinali chimodzi chokha, chinanyowa n'kumatirira kugalasi. Nkhopeyi ndinaisaka miyezi isanu ndi umodzi, zimabwera nkhope za anthu ena. Tsiku lina m'mawa dzanja linangoyenda lokha. Pobwerera m'mbuyo kuti ndione, ndi awa. Penti amaumitsa nkhope, mayi. Ndikalakwitsa kamodzi sabweranso." Anamwa tiyi. "Nanga inu, kusukulu kwanu chitseko cha kalasi chinali chamtundu wanji?"

"Sindikumbuka. Ndinalekezera kalasi yachisanu ndi chiwiri, ndi kale limenelo. Zimenezo ndinazitaya."

"Tiyeni tione."

Anatenga chivundikiro cha chitini n'kudonthezapo buluu.

"Chotere?"

"Kaya."

Anawonjezera woyera, anavundula.

"Ayi, sichinali chowala choncho," ndinatero, ndipo ndinadabwa ndi pakamwa panga.

Anaikapo wakuda pang'ono pansonga ya kamtengo, kenako kadontho ka wobiriwira. Anavundula pang'onopang'ono, osandiyang'ana.

"Chimenecho," ndinatero.

Ndipo chitsekocho chinabwera, ndi chigamba chathabwa m'munsi mwake pomwe chiswe chinadya. Kenako fungo la choko ndi la malaya onyowa. Kenako desiki yanga, yachitatu kuchokera kuwindo, ndi mnzanga wa mpata kumano amene ankandibwereka rula. Kenako mphunzitsi wamkazi wa nsapato zolira, amene tsiku lina anaika dzanja pakope langa nati ndili ndi mutu wa masamu. Zaka zisanu ndi zinayi ndinali ndisanamuganizepo mayi ameneyo. Mvula inkamenya malata, ndipo sindinadziwe ngati ikugwa padenga lino kapena padenga lija. Ndinkamva ngati belu lilira posachedwa, ndinyamule kope ndithamange.

Apongozi anachijambula chitsekocho pakhoma, pakati pa telala ndi chigayo, n'kuchisiya chotsekuka pang'ono.

"Bambo, mawu aja ndinanena aja..."

"Ndinawamva tsiku lomwelo, a Kapitawo. Makoma a nyumba ino ndi opyapyala, ndinawapenta ndine. Kukwiya munakwiya bwino, kapu inali yanu. Koma Lachisanu mupite nane. Mukanene zimene mumaona, zabwino ndi zoipa zomwe."

Lachisanu m'mawa tinanyamuka atatu: apongozi atavala jekete yawo yotuwa, alamu, ndi ine mwana ali kumsana. Mwamuna wanga anati m'mimba sakumva bwino, sapita kuntchito, atsala pakhomo. Sindinaganize kanthu.

Dokotala anali mayi wamagalasi, wooneka wotopa, panja pali mzere wautali. Alamu analankhula nthawi yaitali: za khoma, za nsomba, za basi padenga. Atamaliza analoza ine.

"Mlamu wangayu ndi amene anayamba kuona."

"Mumaona chiyani, mayi?" dokotala anandifunsa.

"Amatenga ziwiya zanga osapempha, adokotala. Chimenecho n'choona, ndipo n'chifukwa chake ndinatukwana. Koma kumeneko n'kusamva, si matenda. Tsiku la sikelo ya mwanayu amandikumbutsa ndi iwo. Akamwa mankhwala mwanayu, maola amasunga ndi iwo. Ine ndimaiwala chomwe ndapitira kumsika, iwo ayi."

Alamu anasuntha mpando. Dokotala anatembenukira kwa apongozi.

"Agogo, ndikuuzani mawu asanu. Muwasunge, ndikufunsaninso pakapita nthawi. Mbuzi. Galasi. Mlatho. Chipewa. Mchere."

Apongozi anatsinzina. Milomo inagwedezeka, kenako analankhula ngati akuona zinthuzo kutsogolo kwawo.

"Mbuzi inapeza galasi pakati pa mlatho. Podziyang'ana inaona kuti aliyense wowoloka ali ndi chipewa, iyo yokha ilibe. Inalira, misozi n'kugwera mumtsinje, madzi onse n'kusanduka mchere."

"Mwaona, adokotala!" alamu anaimirira. "Ndi zimenezi ndimanenazi. Mwawauza mawu asanu, iwo akupeka za mbuzi yolira."

"Khalani pansi, achimwene."

Dokotala anawafunsa apongozi tsiku, mwezi ndi chaka, anayankha. Anawawerengetsa manambala chobwerera m'mbuyo, anawerenga. Anawapatsa pepala kuti ajambule wotchi. Apongozi anadandaula kuti cholembera chake n'chosalongosoka, koma anajambula wotchi yozungulira ngati ayeza ndi mbale, manambala onse m'malo mwake, n'kuiikira ndi mthunzi womwe. Anawayeza kuthamanga kwa magazi, anawaunika m'maso. Patapita nthawi ndithu, dokotala akulemba, anangofunsa osadzutsa mutu.

"Mawu aja, agogo?"

"Mbuzi, galasi, mlatho, chipewa, mchere. Mukufuna chobwerera? Mchere, chipewa, mlatho, galasi, mbuzi."

Dokotala anavula magalasi n'kuyang'ana alamu.

"Nanga inu, achimwene, mawu aja anali ati?"

"Mbuzi... chipewa... Iwo angowanena kumene, koma ine sindinabwere kudzayezedwa."

Ine ndinali nawo onse asanu. Mbuzi ija inali itaima m'mutu mwanga pamlatho wake, ikulira.

"Kalata imene mukufunayo sindilemba," dokotala anatero. "Bambo anuwa mutu wawo uli bwinobwino. Zimene akuchitazi ndi njira yawo yosungira zinthu, ndipo ikugwira ntchito kuposa yanu. Asiyeni azipenta." Analemba m'buku lawo lachipatala, anadinda, n'kundipatsa ine, osati alamu.

Panja alamu sanatsanzike bwino. Anangoti, "Chipindacho ndiye chakonzedwa kale," n'kukwera njinga yawo yamoto. Sindinamvetse. Apongozi ankayenda patsogolo akuimba mluzu, akumuuza mwana kumsana kwanga kuti mbuzi ija mapeto ake inakagula chipewa chachikasu.

Fungo tinalimvera pageti. Bedi la apongozi linali pabwalo, zitini zitandandalikidwa m'mbali mwa mpanda, makwerero atagonekedwa pansi. Mwamuna wanga anatuluka m'chipinda chakuseri manja ali mbuu mpaka m'zigongono. Ataona nkhope zathu anaima.

"Achimwene anati kalata ndi yosakayikitsa," anatero. "Anati ndikonzeretu, katundu abwera mawa. Anati Bambo akapeza zitatha sizikawawawa kwambiri."

"M'mimba muja mwachira?" ndinamufunsa.

Anabisa manja kumbuyo.

Apongozi analowa, ife pambuyo. Khoma lonse linali loyera, lonyowa, kuyambira pakhomo mpaka pawindo. Chipinda chinkaoneka chachikulu ngati momwe mwatuluka maliro. Anaima pakati nthawi yaitali, jekete ili m'thupi. Kenako anayandikira, anagusa chala pakhoma, anachiyang'ana, anachinunkhiza.

"Wapaka chiyani?"

"Laimu, Bambo."

"Pamwamba pa penti wamafuta?"

"Eya."

"Osayamba wapala?"

"Ayi."

"Mwana wa wopenta nyumba! Zaka zonse zija unkandigwirira makwerero, maso ako ankayang'ana kuti? Laimu sagwira pamafuta, iwe. Amangokhalapo ngati ufa." Anavula jekete n'kundipatsa. "A Kapitawo, madzi ndi nsanza. Asanaume."

Ndinamuika mwana pabedi pabwalo paja, ndinang'amba shiti yakale, ndinatunga madzi. Tinayambira pakhomo. Nsanza yoyamba inangopaka phala loyera, yachiwiri inasiya kamthunzi, yachitatu inatulutsa denga lofiira. Nyumba zinkabwera imodziimodzi ngati zikutuluka m'nkhungu ya m'mawa. Chipatala chinabwera ndi bala lake. Basi inatulukira padenga, ikudikirabe. Apongozi ankazilonjera potuluka: "Mwaswera bwanji, a telala? Pepani, ndi mwana wanga." Nsomba zinabwera zili zonyowa zenizeni, madzi akutsika m'mimba mwawo. Chitseko changa cha sukulu ndinachipukuta ndekha, chinali chikadali chotsekuka pang'ono. Mwamuna wanga anaima pakhomo kwa kanthawi, kenako anatola nsanza n'kuyamba kupukuta m'munsi, atagwada.

Titayandikira pakona apongozi anakweza dzanja.

"Apa musakhudze."

Ananyowetsa chala chimodzi n'kuyamba kupukuta pamene panali mutu, pang'onopang'ono, ngati akuchotsa chitsotso m'diso la khanda. Kunsi kwake kunalibe kanthu. Makala ndi choko zinali zitasungunuka m'laimu pamene bulashi inadutsa, n'kusanduka banga lotuwa. Anayesa pamene panali phewa. Anayesa pamene panali dzanja. Chinatuluka ndi chingwe choyanikira chokha, ndi zovala zake, chifukwa zimenezo zinali za penti.

Anatembenukira kwa mwana wawo. Sanakweze mawu.

"Amayi ako ndiye wawapenta bwino. Apa pokha ntchito yako yagwira."

Mwamuna wanga anakhala pansi m'madzi a laimu aja, n'kuphimba nkhope ndi manja oyera aja. Apongozi anatuluka n'kukakhala pabedi pabwalo, pafupi ndi mdzukulu wawo, mpaka dzuwa linapendeka.

M'mawa mwake galimoto ya matayala inafikadi. Ndinaima pageti ndi buku lachipatala m'dzanja limodzi, tsache m'dzanja linalo, ndipo ndinawauza alamu kuti mwini nyumba ali m'katimo, ali bwinobwino, akafuna chipinda alowe akamupemphe yekha. Sanalowe. Galimoto inabwerera ndi katundu wake.

Tsopano ndinene zimene zinapita pa nkhani imeneyi, chifukwa ine ndimakonda kudziwa chimene chatsala. Panapita masiku awiri okhula khoma, shiti imodzi ndi thaulo. Zikhatho zanga zinang'aluka ndi laimu, sabata yathunthu ndinkachapa matewera ndikuluma mano. Alamu sanapondenso pakhomo pano, ndipo mwamuna wanga akamva foni yawo amaitembenuza chafufumimba. Iye ndi bambo ake amadyera pamodzi, amapatsana moni, koma m'chipinda chakuseri salowamo. Ine ndinaphunzira kutseka pakamwa ndikakhala pabwalo, ndipo n'zondivuta. Nyumba ikadali m'dzina la apongozi, chipinda chikadali chawo, ndipo nyumba zonse makumi atatu ndi imodzi za pakhoma zinabwerera. Apongozi aakazi sanabwerere. Apongozi anayesa nkhope masabata atatu, m'mawa uliwonse, zinkabwera za anthu ena, anafufuta zonse. Panopa pakona paja pali mayi wa makala akuyanika zovala, watifulatira, tikungoona msana ndi mpango. Ndikawapititsira tiyi ndimawapeza atakhala pachitini, choko chili m'manja, akuti akudikira atembenuke. Lero ndi sabata yachisanu ndi chiwiri.